Za alamu, masefa ndi madzi ofiira a m'dzinja

Achimwene, mwafunsa kuti kodi kumalo oyeretsera madzi amadziwa bwanji kuti mankhwala ndi masefa awo zikugwiradi ntchito, makamaka dzinja lino mitsinje itafiira chonchi. Ine ndinagwirapo mu labu pa siteshoni ina ya madzi, ndiye ndikuuzeni mmene tinkachitira.

Mankhwala oyamba si klorini ayi, ndi alamu. Iyeyu amamata timatope ting'onoting'ono kuti tipange timibulu tolemera totha kukhazikika pansi. Vuto ndi loti mlingo wake sukhala umodzi, mvula ikagwa usiku kumtunda madzi a mmawa amabwera ena zedi. Ndiye timapanga jar test, mabotolo 6 a lita imodzi imodzi, madzi omwewo a mumtsinje koma alamu wosiyana mlingo botolo lililonse. Kutakasa mwamphamvu mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20, nkuwasiya akhazikike mphindi 30. Botolo lomwe layera bwino ndi alamu wochepa ndi limene limatipatsa mlingo wa tsikulo. Ndipo kuchulutsa alamu sikuyeretsa madzi, kumangotsitsa pH (muyeso wa asidi m'madzi, asidi akachuluka imatsika), ikatsika kwambiri timibulu tija sitipangikanso bwino mpaka muthire laimu kuti ikwere.

Koma pomwe ine mtima unkandigunda ndi pa masefa a mchenga. Mukamayeza madzi atasakanikirana kale a masefa onse mumadzinamiza, sefa imodzi itha kumadutsitsa matope zinzake zikuyibisa. Iliyonse iyezedwe payokha ndi turbidity meter, kachipangizo koyeza kuchuluka kwa matope m'madzi pa muyeso wotchedwa NTU, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati kuti klorini agwire bwino madzi asadutse 1 NTU. Komanso mukangomaliza backwash, kutsuka sefa pobweza madzi chammbuyo, madzi oyamba kutuluka amakhala asanayere bwino, amenewo ndi otaya kaye, asalowe mu thanki.

Wina anena kuti aah klorini apha zonse. Ayi ndithu, kachirombo ka Cryptosporidium sikafa ndi klorini amene amathiridwa m'madzi akumwa, pa siteshoni yongodalira klorini chimene chimakagwira ndi sefa. Ku Milwaukee ku America mu 1993 anthu oposa 400,000 anatsekula m'mimba kachiromboka katadutsa m'masefa a siteshoni imodzi.

Madzi akafiira pa mpopi wanu nthawi zina ndi paipi yaphulika mnjira, osati siteshoni. Awiritseni kaye musanamwe, nkukanena ku ofesi ya madzi, ndipo muwafunse kuti tsiku limenelo masefa awo amatulutsa ma NTU angati.