Batire ya karavani ikuchedwa kudzaza pa jenereta

Funso: Akulu, chaja ya mu karavani yanga ndikailumikiza ku jenereta batire imatha tsiku lonse osadzaza, mafuta akungopita. Ndiitsegule ndikweze mavoti?

Yankho: Musathamangire kuitsegula achimwene. Machaja ambiri a mu karavani amangokhala pa 13.6V pomwe batire ya asidi ya 12V imafuna cha pa 14.4V kuti ilowe moto msanga, ndiye onani kaye ngati chaja yanuyo ili ndi boost mode, yomwe imakweza mavoti kwa kanthawi kuti batire idzaze msanga. Koma kawirikawiri vuto ndi mawaya ochoka pa chaja kupita ku batire, akakhala aatali komanso oonda magetsi amathera m'njira, chaja nkumaona ngati batire yadzaza kale. Ikani mawaya onenepa, afupiafupi, fyuzi pafupi ndi batire. Mukakweza mavoti mopyola muyeso madzi amabwata nkuuma, batire yapita. Ikafika cha pa 80% imachedwa basi, zimitsani jenereta, ngati muli ndi sola amalizitse.