Pulezidenti sangayimitse malamulo onse, koma musagone tulo

Achimwene, mwafunsa kuti pulezidenti akalengeza kuti dziko lili pa ngozi, monga anachitira a Chakwera nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, kodi ndiye kuti akhoza kuyimitsa ufulu wathu mmene angafunire. Ayi. Pali zinthu ziwiri zimene anthu timazisakaniza.

Kulengeza za ngozi zogwa mwadzidzidzi n'kotsegulira njira thandizo, chimanga ndi matenti zifike msanga ku Chingale kapena ku Chisi. Ufulu wa munthu sukhudzidwa. State of emergency, imene imalola boma kuyimitsa maufulu ena kwa kanthawi, ndiyo ina, ili pa gawo 45 la malamulo oyendetsera dziko. Imeneyo pulezidenti sailengeza yekha: komiti ya aphungu yoona za chitetezo ivomereze kaye, ndipo pakatha masiku 21 Nyumba ya Malamulo ndiyo inene ngati ipitirire. Ngakhale pamenepo pali zosakhudzika: kupha, kuzunza, ukapolo, kumana womangidwa mwayi wokadandaula kukhothi.

Tinaziona mu Epulo 2020. Boma la a Mutharika linalamula m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa COVID-19, mavenda n'kumafunsa kuti tidya chiyani. A HRDC, mgwirizano wa omenyera ufulu wa anthu, anathamangira kukhothi, Jaji Kenyatta Nyirenda n'kupereka chiletso kutatsala tsiku limodzi. Pambuyo pake majaji anati m'bindikirowo unaphwanya malamulo, chifukwa boma linkafuna kulanda ufulu lisanadutse njira ya gawo 45.

Komabe ine sindikhulupirira pepala palokha. Amene amanena kuti lero zinthu zafika poipa ndi yemweyo ali ndi apolisi ndi asilikali. Ife a ku Zomba tisachite kuuzidwa. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza emergency ali konkuno, likulu likadali kuno, anthu n'kugwidwa m'bandakucha, Kamuzu n'kupita naye kundende ya ku Gwelo, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Kamuzu yemweyo atatenga boma sanazitaye mphamvu zotsekera munthu osamuzenga mlandu. Anazisunga m'lamulo lachitetezo, zimene zinali za kanthawi n'kusanduka za tsiku ndi tsiku. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chanco, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera pamaso pa jaji, ndipo panalibe nkhondo iliyonse.

Mu 2020 chinatipulumutsa n'chakuti panapezeka okasuma, jaji wosaopa, ndiponso boma linamvera chiletsocho. Likanakana, nanga apolisi oti akakamize boma kumvera khothi akanachokera kuti?