Funsani Malume: Ndisiye sukulu ndikasewere mpira?

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 21, kwathu ndi ku Domwe. Ndili chaka chachitatu pa sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ku Ulongwe, kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndimalize. Mpira ndinayamba ndili mwana ndipo ndimasewera kutsogolo. Mwezi watha tinakasewera ku Tete, ine n'kugoletsa zigoli ziwiri. Masewero atatha, bambo wina wa timu ina yaikulu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti akundifuna mu Januwale. Akuti azidzandipatsa mametikali 20,000 pamwezi, pogona ndi chakudya. Kontrato akuti tidzasainirana ndikakafika. Bambo anga akanitsitsa. Akuti mbatata yonse imene akhala akugulitsa zaka zitatuzi kuti ndiphunzire ipita pachabe. Koma Malume, pa YouTube ndimaona anyamata a m'makoleji a ku America akusiya sukulu asanamalize n'kulowa NFL, ligi yaikulu ya mpira wa kumeneko, tsiku lomwelo n'kulemera, makolo awo akugwetsa misozi ya chimwemwe. Nanga ine ndikalakwa chiyani? Sukulu ndikhoza kudzabwerera, koma miyendo siidikira.

Wosowa tulo, Ulongwe

Mphwanga,

Zoti miyendo siidikira ndi zoona, ndipo sindikutsutsa. Katswiri wampira Eusébio anachoka ku Lourenço Marques (Maputo ya lero) kupita ku timu ya Benfica ya ku Portugal mu Disembala 1960 ali ndi zaka 18. Geny Catamo pofika 2019 anali kale ku Sporting, timu inanso ya ku Portugal, nayenso ali ndi zaka 18. Reinildo Mandava anapita ku Portugal ali ndi msinkhu wakowu, koma anali atasewera kale zaka zingapo mu Moçambola, ligi yaikulu ya kuno ku Mozambique, ndi timu ya Ferroviário da Beira. Choncho amene angakuuze kuti mpira ungoukhazika pambali, udzaupeza uli pomwepo, akukunamiza. Chaka chimodzi n'chachikulu kwa wosewera kutsogolo.

Koma tiye tiwaone bwino anyamata a ku America akukusowetsa tulowo, chifukwa zimene ukuona pa foni ndi mphindi ziwiri za nkhani yaitali.

Mpira wawo uja, wonyamula m'manja atavala zipewa zolimba, njira yake yopitira ku ligi yaikulu imadutsa m'koleji momwemo. Lamulo la NFL limati munthu sangasankhidwe ndi timu ya mu ligiyo zisanathe zaka 3 chimalizireni sekondale. Ndiye amene ukumuona akusiya sukuluyo wasewera kale zaka zitatu pamaso pa anthu zikwizikwi, masewero ake onse anajambulidwa, matimu anamuyeza liwiro, mphamvu, ngakhale mawondo. Asanalengeze kuti akuchoka, ali ndi mwayi wofunsa komiti ya ligiyo kuti imuuze pamene akuoneka kuti angasankhidwe, ndipo ambiri amauzidwa kuti abwerere m'kalasi. Matimu alipo 32, amasankha maulendo 7, ndipo onse osankhidwa pachaka amangopitirira pang'ono 250. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewero a m'makoleji, limawerengera kuti mwa osewera 100 ofika pa msinkhu wosankhidwa, amene amatengedwa sakwana awiri. Wosankhidwayo amasaina kontrato ya zaka 4, ndalama zake zodziwika kale malinga ndi malo amene wasankhidwira. Wosasankhidwa, woti anali atalengeza kale kuti wachoka, sangabwererenso kukasewerera koleji yake. Ameneyo kamera simulondola kunyumba.

Pali mnyamata wina dzina lake Maurice Clarett. Mu 2002, ali chaka choyamba, anathandiza koleji ya Ohio State kutenga chikho cha dziko lonse. Anafuna kulowa NFL nthawi isanakwane, anaisumira ligiyo kukhoti, anapambana poyamba mu 2004, koma khoti la apilo linasintha chigamulocho. Timu ya Denver Broncos inamutenga mu 2005 n'kumuchotsa asanasewere masewero a ligi ngakhale amodzi. Ndipo taona izi: kuyambira Julayi 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kulandira ndalama kuchokera kwa amalonda ogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo, ndipo kuyambira 2025 makoleji enieniwo akuloledwa kuwalipira. Chifukwa cha zimenezi ambiri amene kale akanathamanga tsopano akumakhala kaye chaka china.

Wa ku America uja akamatuluka pachipata cha sukulu amakhala akudziwa mtengo wake, ndipo pepala likumudikira. Iwe uli ndi mawu a bambo mmodzi amene munalankhulana mutaimirira m'mphepete mwa bwalo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mametikali 20,000 aja panopa ali pachala.

Ndikuuze za ine, popeza sindikulankhula zongomva. Titabwerako ku Dedza, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, ndinapeza malo pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Ndinkasewera pakati, ndipo anthu a kwathu ankati mwendo wanga wamanzere uli ndi maso. Kunabwera munthu ngati wakoyu, mawu akenso omwewo: bwera, zamapepala tikaonera komweko. Ndinanyamula kachikwama osatsanzika bwino kwa mayi anga. Chaka choyamba zinthu zinayenda, ngakhale malipiro ankabwera mwezi uno, mwezi winawo ayi. Chaka chachiwiri, pa masewero ena a masana dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, ndinatembenuka phazi litakanirira pansi, bondo n'kulira. Mtsempha wa m'kati unaduka. Anandigulira mapilitsi ochepetsa ululu ndi bandeji, patatha milungu itatu anandiuza kuti bedi langa likufunika kwa wina. Ndinalibe pepala loti ndimuonetse aliyense. Ndinakwera shapa, kudutsa Moatize, mwendo nditautambasula pa matumba a anthu, ndikulira mwakachetechete njira yonse mpaka ku Angónia. Kusukulu dzina langa anali atalifufuta kalekale, chifukwa ndinangosowa osalemba kalata. Zinanditengera zaka 9 kuti ndidzagwirenso choko, nditaphunzira usiku, masana ndikulima fodya wa eni. Mpaka lero kukazizira mwezi wa Juni bondo limeneli limandidzutsa.

Kuvulala kwa mtundu womwewu kunamugwera Reinildo mu Febuluwale 2023, akusewerera Atlético Madrid polimbana ndi Real Madrid. Anamuchita opaleshoni, anakhala miyezi yambiri osasewera, koma anabwerera m'bwalo ndipo mu 2025 anapita ku Sunderland. Bondo lake si lachitsulo kuposa langa. Iye anali ndi kontrato yokakamiza timu kumusamala.

Sindikunena kuti bambo wa timu uja ndi wabodza. Mwina akukufunadi, ndipo chigawo chathu chili ndi mpira weniweni: União Desportiva do Songo inatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022, mpaka matimu a ku Maputo anayamba kuopa ulendo wa ku Songo. Ngati akukufunadi, sangavutike kukutumizira kontrato iwe uli ku Ulongwe komweko. Mupemphe. Ikabwera, usaiwerenge wekha. Pita nayo kwa mphunzitsi wako mmodzi amene umamukhulupirira, kapena munthu wodziwa malamulo a ntchito. Muone kuti ndi ya nthawi yaitali bwanji, chifukwa zambiri zimakhala za nyengo imodzi yokha, ndipo miyezi imene ligi yaima ena salipira. Kumbukira kuti mu 2020 Moçambola sinaseweredwe chifukwa cha mliri wa Covid, ndipo osewera ambiri anaona zakuda. Muone ngati mwalembedwa amene adzalipire chipatala ukavulala, komanso ngati malipiro adzapitirire uli pa ndodo. Ufunse ngati akakulembetse ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chithandizo cha ogwira ntchito, kumene wolemba ntchito amaika 4 peresenti ndipo wantchito 3 peresenti ya malipiro. Ufunsenso ngati kontratoyo ikaperekedwe ku bungwe loyendetsa mpira, chifukwa pepala longokhala m'dirowa ya mkulu wa timu silingakuthandize tsiku la mlandu. Akayamba kuzemba mafunso amenewa, kapena kukuuza kuti ukuchulutsa nzeru, wayankhidwa kale.

Tsopano za sukulu. Ukuti ukhoza kudzabwerera. Ambiri amanena choncho, obwerera ndi ochepa, chifukwa pofika nthawiyo pamakhala mkazi, mwana, lendi, ndipo mutu unazolowera zina. Alipo amene anakwanitsa. Emmitt Smith anachoka ku University of Florida mu 1990 asanamalize, n'kudzalandira digiri yake mu 1996 ali kale katswiri wa Dallas Cowboys. Koma iyeyo sankadera nkhawa za ndalama ya sukulu. Iwe ukadzafuna kubwerera, ndani adzagulitsenso mbatata? Ngati zitafika poti uchokedi, usachoke ngati mmene ndinachitira ine. Pita ku ofesi yolembetsa ophunzira, ufunse za kuimitsa matrikula, kutanthauza kupumira kaye maphunziro dzina lako osafufutidwa, akuuze kuti malo ako angakusungire nthawi yaitali bwanji, ulembe kalata, usunge kope lodindidwa.

Wandifunsa maganizo anga, ndiye ndikuuza mosapita m'mbali. Usasiye. Ukanakhala chaka choyamba, kontrato ya zaka zitatu ili m'manja, mwina ndikanalankhula zina. Koma wayenda kale zaka zitatu mwa zinayi, ndipo wokuitanayo sanakuonetse kalikonse kolembedwa. Januwale amene akukuitanirayo ndi nthawi ya tchuthi, ndiponso ndi nthawi imene matimu amayesa osewera ligi isanayambe. Pita ukayesedwe. Ukaone ngati zigoli ziwiri zija ungazibwereze pakati pa anthu amene amadya za mpira, otseka kumbuyo a zaka 30 amene sakuopa kukuponda. Akakakukonda, uwauze zoona, kuti watsala ndi chaka chimodzi. Chaka chomaliza nthawi zambiri chimakhala ndi maphunziro a kuntchito ndi kulemba kafukufuku, choncho ufunse aphunzitsi ako ngati mbali ina ungakaichitire kufupi ndi kumene timuyo ili. Zikakanika, uwapemphe akudikire, iwe uzisewerabe mu mpikisano wa chigawo kuti thupi lisagone.

Mwina sadzakudikira. Zimenezo zikhoza kuchitika ndipo zidzakuwawa, sindikubisa. Koma udzakhala ndi zaka 22, miyendo ili yonse, matimu ena akukuonabe, ndi digiri ya zaulimi m'dera limene chimanga, soya, mbatata ndi fodya zimadyetsa anthu mpaka ku Beira.

Bambo ako usawayankhe pa foni. Pita ku Domwe, utenge amalume ako enieni, alongo awo a mayi ako, mukhale pansi nonse. Uwauze kuti ukupita kukayesedwa pa tchuthi ndipo sukulu ikamatsegulira udzakhala m'kalasi. Munthu amene wakhala akudzuka m'bandakucha kukathirira dimba chifukwa cha iwe ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pako.

Malume

* * *

Malume,

Mwana wanga ali ndi zaka 16, ali kalasi 10. Kwabwera munthu wina akuti ndi wopezera osewera matimu, akufuna timupatse mametikali 80,000 kuti amukonzere pasipoti ndi ulendo wokayesedwa ku Portugal. Akuti tifulumire chifukwa malo atsala awiri. Abambo ake akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri. Ine mtima sukundilola. Tichite bwanji?

Mayi wa ku Tsangano

Mayi,

Mtima wanuwo ukunena zoona, ng'ombe zisatuluke m'khola. Malamulo a FIFA, pa ndime 19 ya malamulo osamutsira osewera, amaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina. Pali zifukwa zochepa zimene amalolera, monga ngati makolo asamukira kudzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira, ndipo mwana wanu sakugwera pamenepo. Ndiye ngakhale atakafika ku Lisboa n'kusewera bwino kuposa onse, palibe timu imene ingamulembetse asanakwanitse zaka 18. Timu imene ikufunadi mwana imatumiza kalata yoitana yokhala ndi dzina lake, ndipo kawirikawiri imalipira yokha ulendo. Ana ambiri a mu Africa muno anatengedwa mwa njira imeneyi n'kukasiyidwa m'mizinda ya ku Ulaya chitupa chitatha ntchito, opanda ndalama yobwerera, akuchita manyazi kuimba foni kumudzi.

Munthuyo akabweranso, mufunseni chiphaso chake cha FIFA, chifukwa aliyense wogwira ntchito imeneyi ayenera kukhala nacho, ndipo mayina a amene ali nacho amapezeka pa intaneti. Mufunsenso dzina la timu ndi kalata yoitana, kenako mupite nazo ku ofesi yoyang'anira mpira m'chigawo ku Tete akakuuzeni ngati akumudziwa. Mawu oti malo atsala awiri ndi ongofuna kuti musapeze nthawi yofunsa.

Mwanayo musamukalipire, iye sanalakwe kulota. Muuzeni kuti Geny Catamo amene amamuona pa kanema uja anakulira m'matimu a konkuno asanawoloke nyanja. Apitirize kusewera m'timu ya sukulu ndi ya boma lanu, amalize kalasi 12, pofika nthawiyo adzakhala ndi zaka 18. Kalata ino muwawerengere abambo ake madzulo ano, asanakumane ndi ogula ng'ombe.

Malume