Mwana wanuyo sakuchita mwano, Mayi, akusowa wodya naye nkhomaliro

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Texas, kuno ku America. Mwana wawo wamkazi wa zaka 15 anawatsatira mu Ogasiti atangomaliza Fomu 2 ku Lilongwe. Akuti kwathu anali wolongolola ndiponso wanzeru m'kalasi, koma pano akaweruka amangodzitsekera kuchipinda, chakudya chomwe amutengetsa m'mawa chimabwerera chosakhudza, ndipo kusukulu amuika m'kalasi ya ophunzira Chingerezi chikhalirecho amachilankhula bwinobwino. Funso lawo linali lalifupi: kodi ndi mwano wa utsikana chabe, kapena ndingomubweza kumudzi?

Nditafika pa mawu a chakudya chobwereracho ndinatseka kompyuta, n'kukayamba kutsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Mayi, inenso ndinafika kuno ndili ndi zaka 15, mu 2008, mumzinda wa South Bend ku Indiana, komwe Amalawi alipo ambiri moti Loweruka kapena Lamlungu mutha kupemphera m'Chichewa n'kudya nsima ya pambuyo pa mapemphero. Tsiku loyamba mayi anga anadzuka mbandakucha n'kundiphikira mpunga ndi usipa umene tinabwera nawo m'sutikesi, wokulunga m'mapepala atatu. Anachita zimenezo mwachikondi chokhachokha. Nthawi ya nkhomaliro itakwana ndinalowa m'chiholo chachikulu chodyeramo, phokoso ngati msika wa Limbe, ana mazanamazana, aliyense akudziwa tebulo lake. Panalibe wondiuza pokhala. Ndinakhala kumapeto kwa tebulo lina, n'kutsekula kontena. Mtsikana amene anali moyang'anizana nane anagwira mphuno, n'kufunsa anzake mokweza kuti chafa n'chiyani muno. Ndinavindikira. Kuyambira tsiku limenelo mpaka chipale chofewa chitayamba kugwa, nkhomaliro yanga ndinkaithera kulaibulale, wanjala, ndikunamizira kuwerenga. Chakudyacho ndinkachitaya m'bini ya pafupi ndi pokwerera basi kuti mayi asadziwe. Wanuyo bola akubwera nacho kunyumba. Mwina akufuna muchione.

Anthu amaganiza kuti chovuta pa sukulu za kuno ndi maphunziro. Kwa mwana wochokera ku sekondale yabwino ya kwathu, maphunzirowo nthawi zambiri sakhala vuto lalikulu. Chimene chimathyola mtima ndi kayendetsedwe ka tsiku. Kwathu umakhala m'kalasi imodzi, ndi anzako omwewo, pa desiki yomweyo, aphunzitsi ndiwo amabwera n'kumapita. Ufune usafune, pakutha kwa sabata ziwiri umakhala uli ndi mnzako, chifukwa mwabwerekana cholembera, mwagawana chigumu, mwalandirira limodzi chibalo. Kuno mphunzitsi ndiye amakhala m'chipinda chake, ana n'kumayendayenda. Belu likalira uli ndi mphindi ngati zisanu kuti upeze chipinda china, mwina pamwamba, ndipo kumeneko ukapeza nkhope zina. Patsiku umakhala ndi magulu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri osiyana. Ungathe chaka chathunthu popanda munthu wodziwa dzina lako, ndipo palibe amene walakwa.

Ndiye pali locker, kabati kachitsulo kosungiramo mabuku. Loko wake alibe kiyi, umapotokola kumanja, kumanzere modutsa nambala kamodzi, kenako kumanjanso. Ine anandilembera manambala papepala, koma za kudutsa kamodzizo sanandiuze. Milungu itatu ndinkasenza mabuku onse kumsana, ndi jekete lomwe, chifukwa cha manyazi ofunsa. Safunsa anadya phula, paja.

Za chilankhulo musamve zoti vuto ndi kusadziwa Chingerezi. Ife tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Vuto ndi lilime. M'Chichewa r ndi l ndi pachibale, tikhoza kunena Malita kapena Marita osalakwitsa kanthu. Kuno ndi zilembo ziwiri zosapatsana moni. Tsiku lina ndikuwerenga mokweza m'kalasi ndinatchula rice ngati lice, mpunga n'kusanduka nsabwe, kalasi yonse gwee kuseka. Tsiku lina ndinapempha rubber kwa mnyamata wa pambali panga, osadziwa kuti kuno chofufutira amati eraser ndipo mawu ndinanenawo amatanthauza kondomu. Zinthu zazing'ono, lero ndimaziseka. Koma uli ndi zaka 15 umangopanga chiganizo chimodzi: ndisiye kutsekula pakamwa. Ndipo ukatseka pakamwa kusukulu maola asanu ndi awiri, sikutheka kungofika kunyumba n'kutsekula ngati mpopi.

Apa ndiye pali nkhani imene imandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo mundikhululukire chifukwa ikhudza makolo. Ulemu wathu uja kuno umatidyetsa ntchentche. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, mphunzitsi akakutchula umaimirira, ndipo sumutsutsa ngakhale walemba zolakwika pa bolodi. Mphunzitsi wina analemba pa lipoti langa kuti sindionetsa chidwi ndipo ndimapewa kumuyang'ana. Chimene agogo anga akanachitcha mwana wa mwambo, iye anachiona ngati mwana wobisa kanthu. M'makalasi ambiri kuyankhula kumene kuli ndi malikisi ake, ndiye chete wanga uja ankandidyera magiredi.

Koma zanga n'zochepa poyerekeza ndi za bambo anga. Tsiku lolembetsa tinakumana ndi counselor, munthu amene amakonza maphunziro amene mwana azitenga. Kwathu udindo umenewu kulibe, ndiye bambo anamutenga ngati ahedi. Anakhala chipewa chili m'manja, n'kumangoti chilichonse chomwe mukuona kuti n'chabwino, madamu. Mayiyo anayang'ana lipoti langa la ku Malawi, n'kuona pangolembedwa Mathematics. Kuno masamu amawaduladula: Algebra I, Geometry, Algebra II, Pre-Calculus, kenako Calculus, chilichonse chaka chake. Kwathu timaphunzira zonse mosakaniza chaka ndi chaka. Posadziwa pondiika, anandiika pansi penipeni, Algebra I, zinthu zomwe ndinakhoza kale pa JCE. Chaka chonse ndinkangojambula maluwa m'kope. Ndipo poti masitepewo umakwera limodzilimodzi, sindinafike pa Calculus, chinthu chimene chinandipweteka pofunsira malo ku koleji. Mayi uja sanali woipa mtima. Ankadikira kuti wina atsutse, chifukwa makolo a kuno amatsutsa, amatumiza maimelo, amapempha mayeso oti aone pamene mwana ali. Ife tinathokoza katatu n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Ndinene mosapsatira: kholo lomwe lawoloka nyanja ndi mwana koma likuopa kulowa mu ofesi ya sukulu, lamusiya mwanayo pakati pa mtsinje. Ndikudziwa mumagwira mashifiti awiri, ndikudziwa kutopa kwa ntchito yosamalira okalamba usiku wonse, mayi anga anaigwira zaka zambiri. Koma ola limodzi lija la mu ofesi ya counselor limalemera kuposa mashifiti khumi.

Ndipo tisiye zija za kumapwando a Amalawi. Ndikukumbukira amalume ena, osati apachibale, aja timangowatcha amalume chifukwa tinakumana kutchalitchi, atandipeza ndili ndwii pakona. Atamva kuti sukulu ikundivuta anaseka n'kuti, iwe uli ku America, basi ikudzakutenga pakhomo, anzako kumudzi akuphunzira pansi pa mtengo, ukudandaula chiyani? Walira mvula walira matope. Ndinayankha kuti zikomo amalume. Mumtima ndinkati mvulayo sindinalire ndine. Ana sitifunsidwa. Akuluakulu amasankha kusamuka, amakhala ndi chifukwa chowalimbitsa mtima kukazizira. Mwana amangouzidwa kuti longedza, n'kusiya anzake onse pa msinkhu umene anzako ndiwo dziko lako lonse.

Palinso china chomwe sitikambirana m'nyumba zathu. Ine ndinadziwira kuno kuti ndine wakuda. Kwathu ndinali Mngoni wa ku Ntcheu wokulira ku Blantyre, basi. Kuno pa fomu pali bokosi loti uchonge mtundu, ndipo m'holo yodyera muja matebulo ambiri amakhala motsata khungu ngakhale palibe lamulo lotero. Azungu ankandiona ngati mmodzi wa ana akuda a kuno, pamene ana akudawo ankamva kalankhulidwe kanga n'kudziwa kuti sindine wawo, mbiri yawo sindinkaidziwa, nthabwala zawo zinkandidutsa. Wina anandifunsa ngati kwathu mikango imayenda pakhomo. Ndinamuuza kuti mkango woyamba ndinauona pa TV ngati iyeyo. Amene ndinayamba kumvana nawo anali mtsikana wa ku Mexico ndi mnyamata wa ku Kenya, tonse alendo. Ndi nkhani ina yaitali imeneyo, ndidzailemba payokha. Chimodzimodzi za tsiku loyamba la lockdown drill, pamene anazimitsa magetsi, kukhoma chitseko n'kutiuza kuti tikhale pansi pakona mwakachetechete, kuyeserera zochita kukabwera munthu wa mfuti. Palibe amene anandichenjeza kuti n'zoyeserera. Muuzeni wanuyo zisanachitike, ngati sizinachitike kale.

Chomwe chinandipulumutsa ine ndi kuthamanga. Chaka chachiwiri mphunzitsi wa masewera anandiona ndikuthamangira basi n'kundiuza kuti ndilowe timu ya cross country, mpikisano wothamanga makilomita 5 m'tchire ndi m'mapaki. Sindinali katswiri, musaganize za Akenya. Koma timu imeneyi kawirikawiri sachotsa munthu, ndipo imakumana tsiku lililonse mukaweruka, anthu omwewo, ola lomwelo. Ndi chinthu chokhacho pa sukulu yonse chimene chinafanana ndi kalasi ya kwathu. Pothamanga sufunika kulankhula. Patatha milungu iwiri mtsikana wina wa mu timuyo anandikodola m'holo yodyera, n'kusuntha chikwama chake pampando.

Tsono zoti muchite

Musamubweze, osati chaka chino. Miyezi itatu kapena inayi n'kochepa kuti muweruze. Pemphani kukumana ndi counselor sabata ino, mutenge malipoti a Fomu 1 ndi Fomu 2, zotsatira za JCE ngati zilipo, ndi mndandanda wa mitu yomwe anaphunzira m'masamu ndi sayansi. Funsani kuti amupatsa ma credit angati (mapointi omwe mwana amapeza akakhoza phunziro lililonse) pa zomwe anaphunzira kale, chifukwa kuno satifiketi imabwera poonkhetsa ma credit, osati pa mayeso amodzi akumapeto ngati MSCE. Ku Texas ochepetsetsa ndi 22, ndipo ambiri amatsata njira ya 26. Magiredi a kuyambira Giredi 9 amalowa mu GPA, avareji ya magiredi onse imene makoleji amaona, choncho palibe chaka chongoyeserera. Za kalasi ya Chingerezi ija, mwina zinayambira pa fomu yofunsa chilankhulo cha kunyumba: mukalemba Chichewa amamuyesa mayeso. Simunalakwe kulemba zoona. Pemphani kuona zotsatira zake, ndipo dziwani kuti kholo lili ndi ufulu wokana kalasi imeneyo, ngakhale ine ndingati muyambe mwamufunsa mwini wake, chifukwa nthawi zina m'menemo ndi momwe muli alendo anzake. Mumulowetse mu chinthu chimodzi chokumana tsiku ndi tsiku, kaya timu, kwaya kapena bandi. Ngati wasiya kudya ngakhale kunyumba, sakugona, kapena akulankhula zoti moyo watopa nawo, pitani naye kwa dokotala msanga, musadikire abusa okha.

Akabwera madzulo musamufunse kuti mwaphunzira chiyani. Mufunseni kuti lero wadya ndi ndani. Mwina sayankha tsiku loyamba, ine ndikanangoti ndi anzanga, n'kulowa kuchipinda. Ndipo lembetsani chakudya cha kusukulu, pali fomu yopempha kuti chikhale chaulere kapena chotsika mtengo ngati malipiro a pakhomo ndi ochepa. Chakudyacho sichikoma, pizza yake imakhala ngati katoni, koma azinyamula thireyi yofanana ndi ya anzake. Usipa muzimusungira wa madzulo.