Kodi oyilo wa injini ya boti ndingasinthe ndekha?

Funso: Ndine msodzi wa ku Makanjira, ndipo amakaniki ali kutali, ku Mangochi boma. Kodi oyilo wa injini ya boti langa ndingathe kusintha ndekha?

Yankho: Inde bambo, mungathe. Ngati injini yanu ndi ya two-stroke, oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo, choncho amene mumasintha ndi wa m'magiya, kumunsi pafupi ndi pulopela, pakatha maola 100 aliwonse a ntchito. Imikani injiniyo chilili, mumasule bawuti ya m'munsi kenako ya m'mwamba, oyilo wakale akhe yense. Watsopano muthire kudzera pabowo la m'munsi mpaka atulukire pamwamba, ndipo muyambe kutseka la pamwambalo. Wakaleyo akatuluka woyera ngati mkaka, dziwani kuti madzi akulowa, kawirikawiri chifukwa ulusi wa ukonde wakulunga shafiti n'kudula timphira totchinga madzi, ndipo pamenepo musachedwe kupita kwa makaniki, magiya asanawonongeke.