Tifunseni: Kodi Lenin ankasungidwa ndi ndani ku London?

FUNSO: Akulu, ine ndimakonda za mbiri yakale nde tsiku lina tinatsutsana ndi mnzanga mpaka mawu kukwera. Iyeyo akuti Lenin uja wa ku Russia anakhalako ku London ndipo ankamuthandiza ndi anthu omenyera ufulu wa ogwira ntchito a konko, ine ndinamuuza kuti asandinamize chifukwa a ku Britain ndi makomyunisiti sankamwerana madzi. Tiuzeni, wabodza ndani?

YANKHO: Achimwene, kapepeseni kwa mnzanuyo, wakupambanani. Lenin anafika ku London mu Epulo 1902 ndi mkazi wake Nadezhda Krupskaya, zinthu zitayamba kutentha ku Germany komwe ankatulutsira nyuzipepala yawo ya Iskra. Amene anamupatsa pogwirira ntchito ndi Harry Quelch, mkonzi wa nyuzipepala ya Justice ya gulu la Social Democratic Federation, ku Clerkenwell Green. Anangomudulira kakona ndi matabwa, katebulo kamodzi ndi mpando basi, moti Lenin mwiniwake anadzalemba kuti malo a mpando wachiwiri panalibe. Iskra inkadindidwa momwemo nkumalowa ku Russia mozembetsa. Nyumbayo ilipobe, pano ndi Marx Memorial Library.

Komatu si Lenin anayamba. Nthawi imeneyo Britain sinkabweza anthu othawa ndale, nde ambiri othawa ufumu wa Tsar, mfumu ya ku Russia, ankathera ku London. Alexander Herzen anafika mu 1852 nkutsegula makina ake odindira. Sergei Stepniak, yemwe anabaya mkulu wa apolisi achinsinsi ku St Petersburg mu 1878, anakhazikika ku London komweko ndipo atagundidwa ndi sitima mu 1895, pamaliro ake analankhula anthu ngati mlembi William Morris ndi Keir Hardie, mmodzi wa oyambitsa chipani cha Labour. Hardie yemweyu anadzadzudzula mfumu Edward VII chifukwa chopita kukacheza ndi Tsar mu 1908, mpaka kunyumba yachifumu anamuchotsa pa mndandanda wa oitanidwa kuphwando.

Ine yomwe imandiseketsa ndi ya 1907. Chipani cha Lenin chinapanga msonkhano waukulu mu tchalitchi, eya tchalitchi, cha Brotherhood Church ku London, nthumwi zoposa 300, Trotsky momwemo, Stalin momwemo, akangana masabata angapo mpaka ndalama zinatha ngakhale ya transipoti yobwerera kwawo panalibe. George Lansbury ndi mtolankhani H. N. Brailsford ndi omwe anathamanga kukawapezera ngongole ya £1,700 kwa Joseph Fels, mpondamatiki wopanga sopo. Anthu okonza zogwetsa mabwana akusainira ngongole kwa bwana, eti. Inabwezedwa ndithu, koma mu 1922, Fels atamwalira kale.

FUNSO: Bambo mkonzi, ngati ubale unali choncho, nanga bwanji chipani cha Labour sichinakhale chachikomyunisiti? Kapena anangodyerana masuku pamutu?

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi lomwe lili ndi mnofu. Mmene ine ndimaonera, a ku Britain anali okonzeka kumusunga mlendo ndi kumutchinjiriza, koma zoti mlendoyo awauze kayendetsedwe ka pakhomo pawo ayi.

Kutchinjirizako kunali kwenikweni. Tsar atagwa mu 1917, ku Leeds kunachitika msonkhano mu Juni wosangalalira zomwe zachitika ku Russia ndipo ngakhale Ramsay MacDonald wa Labour, munthu wosakonda zachisokonezo, anali pomwepo. Boma la Britain litayamba kuthandiza adani a Bolshevik, gulu la Lenin lomwe linali litalanda boma ku Russia, kunabadwa kampeni ya Hands Off Russia mu 1919, kenako pa 10 Meyi 1920 onyamula katundu padoko ku London anakana kupakira zida mu sitima ya Jolly George zomwe zinkapita ku Poland kukamenyera Russia, onyamula malasha nawonso anati ife sitithira, sitima ija osanyamuka ndi zidazo. Mu Ogasiti chaka chomwecho Labour ndi TUC, lomwe ndi bungwe lalikulu la mayuniyoni, anaopseza sitalaka ya dziko lonse ngati boma la Lloyd George lilowe nkhondo. Koma ambiri mwa anthuwa sikuti anali atakopeka ndi Lenin ayi, anali atangotopa ndi nkhondo, abale awo ambiri anali atatsala mmaenje ku France.

Nde chaka chomwecho cha 1920 chipani cha makomyunisiti cha ku Britain chitabadwa, chinapempha kulowa mu Labour ndipo chinakanidwa, kupemphanso kukanidwanso. Inu mukanavomera? Lenin anali atalemba poyera kuti makomyunisiti athandize Arthur Henderson, mmodzi wa atsogoleri a Labour, mmene chingwe chimathandizira munthu wopachikidwa. Kwa Lenin atsogoleri a mayuniyoni a ku Britain anali anthu ongofuna kukwezeredwa malipiro, pomwe iwowo ankakhulupirira mavoti ndi nyumba ya malamulo, ndipo ena omwe anapita kukaona Russia mu 1920, ngati Ethel Snowden, anabwerako atakhumudwa ndi nkhanza zomwe anaziona.

Ubalewu unawapwetekanso a Labour. Boma lawo loyamba la MacDonald linavomereza Soviet Union mu Febuluwale 1924, kenako kutatsala masiku anayi kuti anthu avote mu Okutobala, Daily Mail inatulutsa kalata yomwe ankati walemba Zinoviev, mkulu wa bungwe la makomyunisiti a dziko lonse lapansi ku Moscow, yolimbikitsa kuukira boma. Kalatayo inali yopeka, koma zisankho zinapita kwa a Conservative.

Pa sitalaka yaikulu ya 1926 mpomwe zinaonekera bwino. Ku Moscow anatumiza ndalama, a TUC anazibweza poopa kunenedwa kuti agulidwa, pomwe a mmigodi ya malasha, omwe anakhala miyezi yoposa sikisi opanda malipiro ana akugona ndi njala, anazilandira, zoposa £1 miliyoni. Komiti yomwe mayuniyoni a maiko awiriwa anakhazikitsa mu 1925 inatha mu 1927, a ku Moscow atatchula atsogoleri a TUC kuti ndi ogulitsa anzawo.