Kodi mineral oil amawononga tsitsi?

Achemwali, mwafunsa ngati mineral oil wa m'mafuta odzola kumutu ndi woopsa. Musade nkhawa. N'zoona kuti amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, komwenso kumachokera petulo, koma woikidwa m'zodzola amayengedwa kwambiri. Ndi yemweyo ali mu baby oil. Amene angayambitse khansa ya pakhungu ndi wosayengedwa bwino, wa m'mafakitale.

Chomwe ine sindimukondera n'chakuti salowa m'kati mwa tsitsi ngati mafuta a kokonati, amangolikuta kunja. Mukadzola pa tsitsi louma, lingonyezimira koma likhalabe louma. Muziyamba mwalinyowetsa, kenako n'kudzola pang'ono kuti chinyezi chisathawe. Akachuluka amamata fumbi m'mutu, makamaka nyengo yotentha, ndiye muzitsuka ndi shampu sabata iliyonse.